Mayina a Mizinda ndi Iwo Amene Anawatcha

Buku la Genesis likamasimba za mzinda woyamba umene mwana wa munthu anamanga pansi pa thambo, silitiuza kutalika kwa malinga ake, kapena kuchuluka kwa nyumba zake, kapena kumene anthu ake ankatunga madzi. Chimene mlembi anaona kuti n'choyenera kusungira mibadwo ya m'tsogolo ndi chakuti Kaini, atatha kumanga, anautcha mzindawo dzina la mwana wake Enoki. Kuyambira pamenepo kufikira lero lino palibe mzinda umene unakhala wopanda dzina, ndipo palibe dzina limene linangomera lokha. Lililonse lili ndi pakamwa pamene linatulukira. Chotero munthu wofuna kudziwa mbiri ya mzinda, asanapite kukafukula mabwinja kapena kukavundukula mabuku a boma, angachite bwino kuyamba wafunsa kuti anautcha ndani, ndiponso ngati anthu wamba, amene amatchula dzinalo m'mawa ndi madzulo, analilandira kapena anangolipirira.

Mayina ochuluka, amenenso ali okhalitsa, ndi aja amene sanalengezedwe pa bwalo la mfumu iliyonse, koma anabadwa m'kamwa mwa abusa, asodzi ndi amalonda amene ankangofuna kulozerana njira. Oxford, mzinda wa ku England umene dziko lonse limauchitira ulemu chifukwa cha yunivesite yake yakalekale, dzina lake silinena kanthu za nzeru kapena mabuku. Limatanthauza dooko la ng'ombe, malo osaya a mtsinje pamene oweta ankaolotsera ziweto zawo. Amsterdam ndi damu limene anthu a m'zaka za m'ma 1200 anatseka nalo mtsinje wa Amstel, Copenhagen ndi doko la amalonda, Kuala Lumpur ndi matope a pamene mitsinje iwiri ikumana, ndipo Chicago, ndi nyumba zake zosanjikizana zofika m'mitambo, anatenga dzina kwa anyezi wam'tchire wonunkha kwambiri, amene ankamera m'madambo a kumeneko ndipo eni nthaka ankamutcha shikaakwa.

Kuno ku Africa nkhani ndi yomweyo. M'chaka cha 1899 omanga njanji yochokera ku Mombasa kulowera ku nyanja ya Victoria anafika pa chidambo china chathyathyathya, ndipo poona kuti kutsogolo kwawo kunali zitunda zovuta kukwera, anamanga pamenepo misasa yosungiramo katundu ndi yopumulirapo antchito. Amasai anali atamwetsa ng'ombe zawo pamalopo kwa mibadwo yambiri, natcha kamtsinje ka pamenepo Enkare Nairobi, ndiko kunena kuti madzi ozizira. Ndipo Angerezi, amene kwina konse ankafulumira kupachika mayina a akuluakulu awo, pano anangolandira chimene anachipeza. Kampala ndi phiri la nswala, kumene Kabaka wa Buganda ankachita uzimba. Ngakhale Lilongwe wathuyu, dzina lake linali la mtsinje kalekale boma lisanaganize zomangapo likulu.

Koma pa mayina onse a mtundu umenewu, limene ine limandikhudza mtima koposa ndi la Istanbul, pakuti m'menemo tikuona pakamwa pa anthu wamba pakugonjetsa mafumu akuluakulu popanda kusolola lupanga. Mzindawu unamangidwa ndi Agiriki zaka zoposa 600 Khristu asanabadwe, ndipo unkatchedwa Byzantium. M'chaka cha 330 mfumu Constantine ya Aroma, itaona kuti malowo ali pa khomo lenileni la pakati pa Ulaya ndi Asia, inaukuza, niukongoletsa ndi matchalitchi ndi mabwalo, niupanga likulu la ufumu wake, ndipo unayamba kutchedwa Constantinople, mzinda wa Constantine. Dzinalo linali lolemera, loyenera makalata a mafumu ndi mabishopu, ndipo ngakhale pamene Sultan Mehmed Wachiwiri analanda mzindawo mu 1453, mafumu a Ottoman anapitiriza kulilemba pa ndalama zawo m'katchulidwe kawo, Kostantiniyye. Komatu mlimi wa kumudzi wonyamula mphesa zake kukagulitsa, kapena mwini ngalawa wobwera ndi nsomba, sankavutika kutchula dzina la mfumu yakufa kalekale. Akafunsidwa kumene akulowera ankangoyankha m'Chigiriki kuti eis tin polin, kunena kuti "ku mzinda", monga momwe munthu wa kwathu amanenera kuti akupita ku boma popanda womufunsa kuti boma lake liti. Mawu atatu amenewo, ataperesedwa ndi malilime a mibadwo yosawerengeka, ndiwo anasanduka Istanbul, ndipo mu 1930 boma la Turkey linapempha dziko lonse kuti lizilemba dzina limeneli pa makalata. Dzina la mfumu yamphamvu linatsalira m'mabuku a mbiri yakale, yankho la munthu wapanjira nilikhala pa mapu.

Anthu a kum'mawa kwa Asia anachita zofananako, koma mwadala. Beijing ndi likulu la kumpoto, Nanjing likulu la kum'mwera, ndipo mzinda wa Edo, mfumu ya Japan itatsimikiza zosamukirako mu 1868, unatchedwa Tokyo, likulu la kum'mawa.

Tsono pali mayina ena amene anadza ndi nkhondo. Alexander wa ku Macedonia, amene anagonjetsa maufumu kuyambira ku Greece mpaka ku malire a India asanakwanitse zaka 33, ankasiya dzina lake paliponse pamene asilikali ake anamanga linga, kotero kuti panali mizinda yambiri yotchedwa Alexandria; ndipo kavalo wake wokondedwa, Bucephalus, atafa pafupi ndi mtsinje wa Jhelum m'dziko limene lero ndi Pakistan, nayenso anamangiridwa mzinda wa dzina lake. Yambiri mwa mizinda imeneyi inakwiririka ndi fumbi kapena inasintha mayina. Umene watchukabe ndi wa ku Egypt, womangidwa m'chaka cha 331 Khristu asanabadwe, ndipo ine ndikhulupirira kuti chimene chinausunga si kuopsa kwa mwini dzina, koma doko lake, nsanja yake younikira zombo ndi nyumba yake ya mabuku, zinthu zimene zinapatsa anthu chifukwa chonyadira dzinalo mwini wake ataiwalika.

Mfumu Hadrian ya Aroma inayesa chinthu choposa pamenepa, ndicho kufafaniza dzina kuti ifafanize mtundu. Pa mabwinja a Yerusalemu inamanga mzinda watsopano, niutcha Aelia Capitolina, polemekeza banja lake ndi mulungu wake Jupiter. Ndipo kupanduka kwa Ayuda kutathetsedwa ndi mwazi wambiri m'chaka cha 135, Ayudawo analetsedwa ngakhale kupondamo phazi. Dzina la Aelia linalembedwa m'makalata kwa zaka mazana angapo. Koma dzina limene amayi aphunzitsa ana awo popemphera silichotsedwa ndi lamulo, ndipo lero mukaima pa msika uliwonse n'kufunsa njira ya ku Aelia Capitolina, simudzapeza wokulozerani. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Mzinda wa ku Russia umene Peter Wamkulu anamanga m'madambo a mtsinje wa Neva mu 1703 wasintha dzina katatu m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi. Unayamba ngati Saint Petersburg, potengera mtumwi Petro. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, dzinalo linamveka ngati Chijeremani m'makutu mwa anthu amene ana awo ankaphedwa ndi Majeremani, ndipo linakhala Petrograd. Lenin atamwalira mu 1924 linakhala Leningrad. Ndipo mu 1991 anthu a mumzindamo anavota kuti abwerere ku dzina loyamba. Apa tiyenera kuyenda mosamala, chifukwa si onse amene anakana kusinthako anali okonda Lenin. Anali m'gulumo okalamba amene anapirira masiku 872 pamene asilikali a Hitler anazinga mzindawo, kuyambira 1941 mpaka 1944, anthu mazanamazana a zikwi nafa ndi njala ndi chisanu; kwa iwo Leningrad silinalinso dzina la wandale, koma dzina la manda a abale awo. Umu ndi mmene dzina lopachikidwa ndi olamulira lingasandukire chuma cha anthu: akalilipira ndi misozi yawo. Mpaka lero chigawo chozungulira mzindawo chikutchedwabe Leningrad.

Ku America mayina aunjikana wina pamwamba pa mnzake. Adatchi anamanga New Amsterdam pa chisumbu cha anthu a mtundu wa Lenape. Angerezi anaulanda mu 1664 nautcha New York, polemekeza James, mbale wa mfumu yawo, amene anali ndi udindo wa Duke of York. Komabe Harlem ndi Brooklyn akukumbutsabe midzi ya ku Netherlands ya Haarlem ndi Breukelen, ndipo pansi pa zonsezi pali Manhattan, liwu la eni nthaka amene anapirikitsidwa. Ena mwa mayina a alendowa anabadwa mwa kusadziwa malo. Apwitikizi atalowa m'gombe lalikulu la Guanabara pa 1 Januwale 1502, mbiri imati analiyesa mathiriro a mtsinje, ndipo anatcha malowo Rio de Janeiro, mtsinje wa Januwale. Chimodzimodzi Singapore, mzinda wa mkango, umene kale unkatchedwa Temasek: nthano ya Amalay imati kalonga Sang Nila Utama anaona chilombo pa gombe nachiyesa mkango, chikhalirecho mikango sinakhalepo pa chisumbu chimenecho. Mlendo, ngakhale adze ndi kalumo kakuthwa, maso ake amakhala asanazolowere dziko.

Sindifuna kuti owerenga aganize kuti dzina lililonse lotchedwa mwadala linali la kudzikuza, pakuti alipo ena amene anali mapemphero. Ansembe a Chijezuiti anachita Misa yoyamba pa chitunda china cha ku Brazil pa 25 Januwale 1554, tsiku lokumbukira kutembenuka mtima kwa mtumwi Paulo, ndipo ndiko kunachokera São Paulo. Amalinyero a ku Spain, amene moyo wawo wonse unkadalira mphepo yokankha matanga a zombo, anapereka mudzi wawo wa mu 1536 m'manja mwa Maria wa mphepo yabwino, ndipo zimene zatsala pa dzina lalitalilo ndi Buenos Aires. William Penn, munthu amene anamangidwapo m'ndende ku England chifukwa cha chikhulupiriro chake, anafuna mzinda umene anthu a mipingo yosiyana angakhalemo osazunzana, ndipo mu 1682 anautcha Philadelphia, chikondi cha pa abale, dzina limene owerenga Chivumbulutso amalidziwa bwino.

Mwa mayina onse a chiyembekezo, palibe olemera kuposa a ku gombe la kumadzulo kwa Africa. M'chaka cha 1792 anthu akuda pafupifupi 1,200, ambiri mwa iwo amene anathawa ukapolo ku America nakazunzika ndi chisanu ndi tsankho ku Nova Scotia, anaoloka nyanja kubwerera ku dziko la makolo awo, ndipo mudzi umene anamanga ku Sierra Leone unatchedwa Freetown, mzinda wa mfulu. Libreville wa ku Gabon, wa mu 1849, ali ndi tanthauzo lomwelo m'Chifalansa, pakuti anayamba ndi anthu omasulidwa m'sitima ya akapolo. Munthu amene anagulidwapo pa msika, nachotsedwa ngakhale dzina limene amake anamutcha, akatchula mudzi wake kuti wa mfulu, sakungolozera njira ayi. Ku Ethiopia, mfumukazi Taytu, mkazi wa Menelik Wachiwiri, atatopa ndi kuzizira kwa phiri la Entoto, anatsikira ku akasupe a madzi otentha mu 1886, natcha malowo Addis Ababa, duwa latsopano. Koma Aoromo, amene ankakhala pamenepo kale, amatchulabe Finfinne. Sultan Majid wa ku Zanzibar naye anamanga Dar es Salaam, nyumba ya mtendere, m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima. Pafupifupi paliponse pamene wina anati "watsopano", panali wakale amene sanafunsidwe.

Ichi ndicho chilonda cha mapu a Africa m'nthawi ya atsamunda. Henry Morton Stanley anamanga malo ake m'mbali mwa mtsinje wa Congo mu 1881 nawatcha Léopoldville, polemekeza Leopold Wachiwiri wa ku Belgium, mfumu imene sinapondepo phazi m'dzikomo, koma imene antchito ake ankadula anthu manja chifukwa cholephera kukwanitsa muyeso wa mphira. Kwa zaka zambiri zidzukulu za odulidwa manjawo zinkalemba dzina la mfumu imeneyo pa kalata iliyonse, kufikira mu 1966 pamene mzindawo unatenga dzina la Kinshasa, umodzi mwa midzi imene Stanley anaipeza pamalopo. M'chaka chomwecho Stanleyville anakhala Kisangani, Elisabethville nakhala Lubumbashi. Lourenço Marques, dzina la wamalonda wa Chipwitikizi wa m'zaka za m'ma 1500, linapatsa malo Maputo mu 1976.

Nkhani ya Harare makolo athu anaidziwa ndi mapazi awo. Gulu la Cecil Rhodes linakweza mbendera pamalopo mu Seputembala 1890 ndi kuwatcha Fort Salisbury, dzina la nduna yaikulu ya Britain ya nthawi imeneyo. Koma phiri la pafupi linkadziwika ndi dzina la mfumu ya Chishona, Neharawa, imene anthu amati inali yosagona, yosadzidzimutsidwa ndi adani. Ndipo dzina la Harare linakankhidwira ku komboni ya anthu akuda, imene lero ndi Mbare. Amuna a ku Nyasaland amene ankayenda pansi masabata ambiri kukafuna ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, ena nabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena nasanduka matchona, akamatsazika kumudzi ankati akupita ku Halale. Pamene boma la Zimbabwe linalengeza dzina la Harare pa 18 Epulo 1982, linangotsimikiza chimene agogo athu anali atanena kwa zaka makumi ambiri. Momwemonso Johannesburg, mzinda umene unaphuka ndi golide wa mu 1886: olemba mbiri akutsutsanabe za Johannes amene analemekezedwa, ambiri akuloza kwa Johann Rissik ndi Christiaan Johannes Joubert, akuluakulu awiri a boma la Mabunu, koma amene anatsika m'migodi atalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela anali ndi mayina awoawo, Azulu ankati eGoli, kwa golide, ife tinkati ku Joni, ndipo tikuterobe.

Lusaka anatsata mwambo umene tonse timaudziwa, wakuti mudzi umatchedwa dzina la nyakwawa yake. Panali mfumu ya mudzi yotchedwa Lusaaka pafupi ndi pamene njanji inadutsa, ndipo pamene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone mu 1935, linafikira pa dzina la mfumu yaing'onoyo. Mwambo umenewu suli wofanana ndi wa Alexander kapena Leopold, chifukwa kwathu dzina la ufumu si la munthu mmodzi: mwini akagona, mphwake amalowa dzinalo, ndipo limakhala la mbumba yonse.

Ufulu utabwera, nafenso tinasesa pakhomo. Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Hill Chitipa, ndipo kutsidya kwa malire Fort Jameson anakhala Chipata. Koma Blantyre anatsala, monganso Livingstonia, ndi Livingstone wa ku Zambia, ndipo kutsala kumeneku kuli ndi phunziro lake. Amishoni a Church of Scotland amene anafika m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876, patangopita zaka zitatu David Livingstone atamwalira kwa Chitambo, anatcha malo awo dzina la kamudzi ka ku Scotland kumene iye anabadwira mu 1813. Mayina a malinga a nkhondo tinawataya osayang'ana m'mbuyo. La munthu amene anafuula za malonda a akapolo a m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, tinalisunga. Sikuti anthu ankadana ndi liwu lililonse lachilendo. Ankasiyanitsa mlendo ndi mlendo mnzake. Ndipo pambali pa Blantyre, dzina la Kabula silinafe, likumvekabe m'kamwa mwa anthu ndi m'manyuzipepala.

Pali msampha umene atsogoleri a mayiko omasuka agweramo mobwerezabwereza, ndiwo kuchotsa dzina la mtsamunda n'kupachikapo lawo. Mobutu, mtsogoleri wa Congo amene anachita bwino kuchotsa Léopoldville, anatcha nyanja ya Albert dzina lake, ndipo atagwa mu 1997 dzinalo linagwa naye pamodzi. Rafael Trujillo, wolamulira wa Dominican Republic, anasandutsa Santo Domingo kukhala Ciudad Trujillo mu 1936, ndipo ataphedwa mu 1961 dzina lakale linabwerera chaka chisanathe. Stalingrad anakhala Volgograd, mzinda wa pa mtsinje wa Volga, m'chaka chomwecho cha 1961. Likulu la Kazakhstan, Astana, linatchedwa Nur-Sultan mu 2019 polemekeza amene anali mtsogoleri wa dzikolo, Nursultan Nazarbayev, ndipo mu 2022 linali Astana kachiwiri. Wina angandikumbutse kuti mzinda wa Washington unatchedwa mu 1791 mwini dzina akali pa mpando, ndipo sunasinthe. N'zoona, koma George Washington anatula pansi udindo mwa kufuna kwake mu 1797, pamene akanatha kuukakamira, ndipo ndi kutula kumeneko kumene kunasunga dzina lake. Kuweruza kwanga n'kwakuti mtsogoleri wamoyo sayenera kupatsidwa mzinda. Asiyeni adzukulu adzaone okha ngati anali woyenera.

Ngozi imene ili pakati pathu lero ndi ina, ndiyo ya malo opanda dzina konse. Pokonza Lilongwe kuti akhale likulu, monga anakhaladi mu 1975, okonza mapulani anagawa nthaka m'manambala, ndipo tsopano pali ana obadwira ku Area 25, nakulira ku Area 47, nakwatira ku Area 18, amene sadziwa kuti dambo limene nyumba yawo yakhalapo linkatchedwa chiyani, kapena mudzi umene unasamutsidwa kuti msewu udutse unali wa yani. Kawale, Mchesi ndi Chinsapo, monganso Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa ku Blantyre, amamveka kuti ndi kwawo kwa anthu. Nambala ndi ya m'kaundula wa ofesi. Mizinda yathu ikukula chaka ndi chaka, minda ya dzulo ikudulidwa mapuloti, ndipo ogulitsa malo akuyamba kuwatcha mayina obwereka ku mafilimu akunja. Pempho langa kwa makhonsolo ndi kwa mafumu ndi lakuti, asanakhome chikwangwani pa dera latsopano, ayambe aitana nkhalamba za pamalopo, azifunse dzina la mtsinje, la chulu, la mtengo waukulu umene anthu ankapumulirapo, ndi la mudzi umene unalipo, ndipo alembe. Inunso owerenga, ngati kwanu kukali agogo odziwa zimenezi, kawafunseni mwezi uno.